Kabichi wa Ba Moven

M'mawa umene Ba Mainess ananyamuka ulendo wa ku Katete, makiyi a nyumba anasiya kwa Ba Norah, eni ake a yadi. Makina osokera anawaphimba ndi chitenge n'kuwakankhira kuseri kwa chitseko. Koma duwa analinyamula ndi manja awiri, n'kudutsa nalo pakati pa yadi mpaka pa chitseko chomalizira, cha Ba Mpundu. Yadi yonse inaona, ngakhale kuti aliyense anali ngati watanganidwa ndi zake.

Kulitchula duwa n'kulilemekeza chabe. Chinali chomera chachifupi m'chitini chakale cha penti, masamba ake onenepa, otuwa ngati awazidwa ufa, osanjikizana mozungulira kuchokera pakati. Sichinkadyedwa, sichinkanunkhira, sichinkachiza ngakhale chifuwa. Pa yadi ankachitcha kabichi wa Ba Moven, chifukwa malemu Moven, amuna awo a Ba Mainess, ndi amene anabwera nacho. Ankagwira ntchito ya m'maluwa pa nyumba ina ku Kabulonga, ndipo tsiku lina anafika kwawo ku Kalingalinga ndi tsamba limodzi m'thumba la malaya. Tsopano panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri chimwalirire Ba Moven, koma kabichi wawo anali adakalipo, wamkulu ngati mbale ya ndiwo.

Ba Mpundu anali kalipentala, Mbemba wa ku Mufulira, nawonso mkazi wawo anamwalira kalekale. Mwezi wa Ogasiti anatuma mkulu wa mpingo kukanena mawu kwa Ba Mainess. Yankho linabwera lalifupi: mwana wawo Tiwo ali pafupi kubereka mwana woyamba ku Katete, apite kaye akamuthandize, akadzabwera adzayankha. Nkhaniyi inali yachinsinsi, choncho pa yadi panalibe amene sankaidziwa.

"Odi, Ba Mpundu."

Anatuluka akumanga batani lomaliza la malaya, n'kuvomera mwaulemu m'Chibemba. "Eya mukwai."

"Nisungireni uyu. Koma mverani bwino, chifukwa imwe baBemba mumamvera na khutu limozi. Musamuthirire manzi. Olo kapu imozi. Muikeni pamene zuwa la m'mawa lifika, ndiye mwasiliza nchito."

"Mwezi na hafu? Na kupya kumene kubwera uku?"

"Namuthirira dzulo. Wakhuta mpaka nikabwere."

Ba Mpundu analandira chitinicho ngati mmene amalandirira mbale ya mgonero ku tchalitchi. Anafuna kunena chinachake chokoma, koma chimene chinatuluka ndi chakuti, "Muyende bwino. Musatibweretsere mbewa."

"Mbewa ni za banthu," anatero Ba Mainess akunyamula chikwama. "Imwe dikirani banyani banu."

Chimenecho ndi chimbuya, chibale chonyozana cha aBemba ndi anthu a kum'mawa: awa amasekedwa kuti amadya anyani, awo mbewa. Munthu sakwiya nacho. Ba Mpundu anali Mbemba yekhayo pa yadi ya anthu a kum'mawa okhaokha, ndiye ankachimva m'mawa ndi madzulo.

Tsiku lomwelo anabwera kuchokera ku shedi yawo ya m'mbali mwa msewu ndi kampando kakang'ono ka zidutswa za matabwa a mukwa, kosalala, kopaka vanishi. Anakaika pa khonde, n'kukhazikapo chitini. Ba Dyton, owotcherera mageti amene ankakhala chitseko choyandikana, anaima n'kumayang'ana, manja ali m'chiuno.

"Ine nakhala pano zaka zisanu, simunanipangireko olo kabenchi. Manje mwamuna munzanu wabwera, tsiku limozi chabe wapeza mupando."

"Uyu sakamba maningi monga imwe," anayankha Ba Mpundu.

Mlungu woyamba unatha bwino. M'mawa uliwonse, asanapite ku ntchito, Ba Mpundu ankavula chipewa, n'kuima pafupi ndi kampando kaja kwa kanthawi, milomo ikugwedera pang'ono. Zimene ankapempha, ankadziwa ndi Mulungu wawo.

Mlungu wachiwiri dzuwa linakula. Mpopi wa pa yadi unayamba kutulutsa mpweya wokhawokha, ndipo madzi anthu ankakatunga kutali, kuseri kwa msika. Masamba awiri a pansi pa kabichi anafota n'kuuma ngati pepala. Ndi mmene chomeracho chimachitira, chimataya akale chikamakula, koma pa yadi panalibe wodziwa zimenezo.

Anayamba kuona ndi Ba Emelda, amene ankagulitsa tomato ndi anyezi pa thebulo kunja kwa geti.

"Ba Mpundu, mulendo wanu ali na ludzu."

"Bananikaniza kuthirira."

"Imwe naimwe! Ba Mainess benze kumumverani chifundo. Baona mwamuna ali yekha, chigubu chimozi, manzi yali kutali. Ni chinthu chabwanji cha moyo chimene sichimwa manzi mu Okutobala?"

"Bananikaniza," anabwereza Ba Mpundu.

Sikuti zinali zapafupi kwa iwo. Tsiku lina anatuluka ndi kapu ya madzi, anaima nayo pamwamba pa chitini. Kenako anamwa okha madziwo, n'kubwerera m'nyumba.

Ba Emelda anaona zimenezo ali pa geti, ndipo mtima unawawawa. Kumene anakulira, madzi samanidwa munthu, galu kapena nkhuku ya mnansi. Ndiponso ankafunitsitsa ukwati umenewu, moti chitenge choti akavale anali atachisankha kale m'maso ku msika wa Kamwala. Mawa lake, Ba Mpundu atangokhota pa kona, anatunga kapu yodzaza mu ndowa imene anaisenza okha kuchokera kuseri kwa msika, n'kuthira m'chitini. Ataona madzi akudontha pansi, anatenga mbale yakale n'kuiika pansi pa chitini kuti asatayike. Sanauze munthu.

Ba Dyton ankabwera masana kudzadya. Ankaima pa khonde la mnzawo, n'kuyang'ana uku ndi uku. "Imwa, mudala," ankanong'oneza kabichi, akupendeketsa botolo lawo la madzi akumwa. "Mubemba uyu azakupha." Nawonso sanauze munthu.

Ba Norah, eni yadi, anali okalamba ndipo maondo ankawavuta. Anali atakhala pa maliro a Ba Moven, anali ataonanso Ba Mpundu akudya okha zaka zonsezi, chitseko chili chotsegula kuti mwina wina adutse awapatse moni. Cha m'ma folo koloko, pa yadi pali zii, ankadzuka ndi ndodo yawo, n'kuyenda pang'onopang'ono kukathira m'chitini tiyi wotsala m'ketulo, wozizira, masamba ake omwe. Pobwerera ankang'ung'udza nyimbo ya azimayi a chigwirizano.

Motero chomera chimene chinkamwa kamodzi pa milungu ingapo chinayamba kumwa katatu pa tsiku, ndipo aliyense wa atatuwo ankagona ndi mtima woyera, poganiza kuti ndi iye yekha amene akupulumutsa banja.

Pofika mlungu wachitatu, masamba anayamba chikasu. Anafewa, n'kumaoneka ngati muli madzi m'kati. Ba Mpundu anakhudza limodzi ndi chala, linangothothoka lokha. Ananunkhiza, n'kumva fungo la chinthu choola. Ananyamula chitini ndipo chinali cholemera ngati mwala. Pansi pake panali mbale imene sinali yawo, yodzaza madzi ofiirira, ndipo pa mukwa wawo wosalala panali bwalo lakuda la chinyezi.

Anakhala pansi nthawi yaitali. Mvula inali isanagwe. Denga silinkadontha.

M'mawa mwake, asanachoke, anatenga utuchi wosalala m'thumba, n'kuuwaza mopyapyala kuzungulira kampando, ngati munthu amene wangotaya zinyalala za ku ntchito. Atabwera madzulo dzuwa lisanalowe, anagwada n'kuwerenga zimene zinalembedwa pansi. Panali patapata wa kumanzere wokhala ndi kachizindikiro ka msomali pakati. Msomali umenewo anaukhoma okha, tsiku limene lamba wa patapata wa Ba Emelda anaduka. Panali nsapato yaikulu ya soli ya tayala. Panalinso timabowo tozungulira ta ndodo, tofupikirana, ta munthu amene phazi lililonse limamupweteka.

Mkwiyo unabwera, ndithu unabwera. Anaimirira kuti akagogode zitseko zitatu. Koma maso awo anabwerera pa timabowo ta ndodo. Anatitsata pa fumbi la pa yadi n'kuwerenga: khumi ndi tinayi popita, khumi ndi tinayi pobwerera. Anayang'ana ndowa ya Ba Emelda ili pa khomo, ndi nkhata yake pamwamba. Madzi amenewo anayenda pa mutu wa munthu mtunda wonse uja.

Anatenga tsache n'kusesa utuchi wonse.

M'nyumba, atatseka chitseko, anagwira kabichi kuti aone tsinde. Mutu wonse unatsalira m'manja mwawo. Tsinde linali lakuda, lofewa ngati nthochi yoola. Apa ndi pamene anaona kuti nkhani yawo ndi Ba Mainess mwina yathera pomwepo. Mayiyo sanawasiyire makiyi kapena makina. Anawasiyira chinthu chimodzi chimene sichigulidwa, ndi lamulo limodzi lokha.

Ali chikhalire ndi mutu wa kabichi m'manja, anakumbukira nkhani imene Ba Mainess anawauza tsiku lina akupita ku tchalitchi. Tsamba lija la m'thumba la malaya, Ba Moven sanalibzale. Analiika pa windo n'kuliiwala. Patapita milungu, Ba Mainess akupukuta fumbi, anapeza latulutsa timizu lokha, popanda dothi, popanda madzi.

Ba Mpundu anayatsa nyali ya pa foni ngakhale kunali kusanade, n'kuyamba kusankha. Masamba a pamwamba ena anali adakali olimba. Anawathothola limodzilimodzi, mosamala ngati akuchotsa galasi m'felemu. Anakwana asanu ndi anayi. M'mawa anawakulunga mu mpango n'kupita nawo ku shedi. Kumeneko kunali kabati imene mwini wake anaitanitsa chaka chatha koma sanabwerenso. Anasolola dirowa imodzi, anathiramo mchenga wouma wa omanga nyumba, anagoneka masamba pamwamba, n'kuika dirowayo pa shelefu yapamwamba, pamene pamafika kuwala koma sipafika dzanja la munthu wachifundo.

Madzulo anatsuka chitini n'kuchivundikira pa kampando.

"Kabichi ali kuti?" anafunsa Ba Emelda.

"Wafa."

Ba Emelda anagwira pakamwa. "Nenze nakamba ine! Ludzu! Mwamupha na ludzu, Ba Mpundu!" Mumtima ankadziimba mlandu kuti kapu imodzi pa tsiku inali yochepa.

"Eya mukwai," anatero Ba Mpundu, n'kulowa m'nyumba.

Loweruka Ba Dyton anabwera atavala malaya oyera. "Tiyeni. Kuli banthu bagulitsa maluwa m'mbali mwa museu wa ku Kabulonga. Tigule wina, timuike mu chitini chamene chija. Kabichi ni kabichi. Bazaziwa bwanji?"

Ba Mpundu sanafune, koma anapita, chifukwa munthu akakuvalira malaya oyera sumukaniza. Anayenda wapansi. Pansi pa mitengo ya m'mbali mwa msewu panali miphika ya simenti ndi mapepala akuda a mbande, mizere mizere. Ndipo analipodi, akabichi ambirimbiri, ena aakulu kuposa wa Ba Moven.

"Aba ni bosavuta," anatero mayi wogulitsa. "Chimozi chabe, musabakonde maningi. Manzi kamozi, mwaiwalako masabata. Mukathirira tsiku na tsiku, baola kuyambira pansi. Banthu bambiri bamapha na chifundo."

Ba Dyton, amene pakamwa pawo sipatsekeka ngakhale akuwotcherera, anangoyang'ana nsapato zawo.

Ba Mpundu ananyamula mmodzi, anamutembenuza, n'kumubwezera pamalo pake. "Zikomo, mayo. Ni wabwino, koma si wa Ba Moven."

Anayamba ulendo wobwerera. Atafika pa mlatho wa ngalande, Ba Dyton anakhosomola.

"Ba Mpundu, pali chimene nifuna kukamba. Masana yaja nikabwera kudya..."

"Geti ija ya ku Mtendere munasiliza?"

"Awe, mverani, ine..."

"Mahinji munaika yangati? Geti yolema ifuna yatatu."

Ba Dyton anawayang'ana m'mbali, ndipo anazindikira kuti munthuyu akudziwa kale. Anayankha za mahinji.

Koma Ba Dyton sasunga kanthu m'mimba. Lisanalowe dzuwa anali ataulula kwa Ba Emelda, Ba Emelda anakhala pansi pa thumba la anyezi n'kuulula zawo, ndipo Ba Norah, amene ankamvera pa windo, anaitana onse awiri n'kuwaonetsa ketulo. Anapemphera limodzi, kenako anakangana kuti wathira ambiri ndani.

Kupepesa ndi pakamwa kunawakanika. M'malo mwake mbale zinayamba kuyenda. Lolemba Ba Emelda anabweretsa chibwabwa chotendera, ndiwo za masamba a maungu. Lachiwiri Ba Norah anatumiza mbatata yophika. Lachitatu Ba Dyton anabwera ndi mapazi a nkhuku ootcha m'pepala, n'kukonzanso loko wa chitseko amene sanali wowonongeka. Lachinayi mbale zinafika zitatu nthawi imodzi. Ba Mpundu anaziyang'ana zili pa thebulo, n'kuyang'ana anthu atatu ali pa khomo.

"Imwe banthu ba kum'mawa," anatero, "mwasiliza kabichi, manje mufuna kusiliza na ine?"

Ba Norah ndi amene anayamba kuseka, mpaka kutsamira ndodo. Kuyambira tsiku limenelo mbale inkabwera imodzi.

Ku shedi, masiku khumi anatha popanda kanthu. Masamba atatu anakwinyika n'kuuma. Ba Mpundu ankakwera pa benchi m'mawa uliwonse, kuyang'ana, n'kutsika. Sanauze aliyense, poopa kulonjeza chimene si iwo angachipereke. Ba Mainess anaimba foni kunena kuti Tiwo wabereka mwana wamkazi, onse ali bwino. Kumbuyo kunkamveka nthungululu.

"Nanga mulendo wanu?" anafunsa pomaliza.

"Tizakamba mukabwera," anatero Ba Mpundu. "Lelo ni tsiku la mwana."

"Chabwino," anatero Ba Mainess.

M'mawa wa tsiku la khumi ndi chitatu, pa nsonga ya tsamba limodzi panaoneka kaulusi kofiirira, kochepa ngati tsitsi. Ba Mpundu anavula chipewa ali pa benchi pomwepo. Mlungu wotsatira timizu tinatuluka pa ena asanu, ndipo pambali pa timizuto panayamba kutuluka timitu, tating'ono ngati njere ya mapira, koma tozungulira kale, tsamba pa tsamba, ngati mayi wake.

Ba Mainess anabwera Lachisanu loyamba la Novembala, cha m'ma fili koloko, kumwamba kutada mitambo imene inakhala ikulonjeza kwa mlungu wathunthu. Ba Mpundu anali atabwera ndi dirowa ija m'mawa n'kuibisa m'nyumba. Ba Dyton sanabwerere ku ntchito atadya. Ba Emelda anasiya thebulo la tomato lopanda munthu. Ba Norah anatulutsa mpando wawo panja.

Analonjerana, anafunsana za mwana, za ulendo, za kumudzi. Ba Mainess anatula chikwama ndi kathumba ka nshawa. Kenako maso awo anapita pa khonde lomalizira, pa kampando ka mukwa ndi chitini chovundikira.

Ba Mpundu anabwera patsogolo, chipewa chili m'manja. "Ba Mainess, kabichi anafa. Anafera m'manja mwanga."

"Munamuthirira?"

"Anamwa manzi maningi."

"Nafunsa kuti, imwe munamuthirira?"

Ba Mpundu sankatha kunama, ndipo sankafuna kuloza munthu chala. Anayang'ana m'chipewa ngati yankho lili m'menemo. "Munasiya kwa ine. Mulandu ni wanga."

Ba Mainess anakhala pa chikwama chawo. Sanakuwe. Anangoyang'ana chitini chija, n'kunena motsitsa, "Zaka seveni. Nasamuka naye nyumba ziwiri."

Ndodo inagogoda pansi. "Mainess, mwana wanga," anatero Ba Norah, "munthu uyu sanathire olo dontho. Ndine. Tiyi, tsiku na tsiku, folo koloko."

"Na ine," anatero Ba Emelda. "M'mawa. Kapu yodzala. Na mbale pansi."

"Ine masana," anatero Ba Dyton. "Koma yanga yenze yang'ono chabe."

"Yang'ono chani, botolo yonse!" anatero Ba Emelda.

Ba Mainess anawayang'ana mmodzimmodzi. Misozi inali m'maso, koma pakamwa panayamba kugwedera ndi kuseka. "Tiyi," anatero. "Ba Norah, tiyi? Munaikamo na shuga?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenge. "Yadi yonse ya banthu ba kwathu, banzeru, bopemphera. Wamvera mawu yanga ni Mubemba yekha."

Anatembenukira kwa Ba Mpundu. "Ndipo imwe munaziwa?"

"Ninaona mapazi."

"Osakamba?"

"Manzi yenze kutali mwezi uja," anatero Ba Mpundu. "Banthu sibanathire yotsala. Banathira yakumwa."

Ba Mpundu analowa m'nyumba, n'kutuluka atanyamula dirowa ndi manja awiri. Anaiika pa kampando ka mukwa, n'kubwerera m'mbuyo.

Ba Mainess anadzuka. Anawerama. Pa mchenga wouma panali masamba asanu ndi limodzi okwinyika, ndipo pa nsonga ya lililonse panali kakabichi kakang'ono ngati batani la malaya a mwana. Anatambasula chala, koma sanakhudze.

"Ndani anakuuzani?"

"Ndimwe. Tsiku lija tenze kuyenda ku tchalitchi. Munakamba za tsamba la pa windo."

"Nenze kuganiza kuti simumvera. Munali chabe kuyang'ana mu ngalande."

"Nenze kumvera na khutu limozi," anatero Ba Mpundu.

Ba Dyton anasuzumira pa phewa la Ba Emelda. "Sikisi! Ba Moven babereka ku shedi ya Mubemba!"

"Khalani chete imwe," anatero Ba Emelda, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Ba Mainess anaweramuka, n'kukonza chitenge m'chiuno. Analankhula akuyang'ana dirowa, osati munthu. "Tubana utu situfuna kusamukasamuka. Tuzakhala pa khonde ino, pali zuwa labwino. Koma imwe mumachoka m'mawa, mubwera madzulo. Simungatusiye tokha pakati pa banthu bachifundo aba. Pafunika munthu wokhala pano masana, wosoka pa khonde, woyang'ana." Anatola kathumba ka nshawa n'kukapereka m'manja mwa Ba Mpundu. "Muuze bakulu ba mpingo babwere pa Sondo. Nili na yankho yawo."

Ba Mpundu analandira kathumbako. Anayang'ana nshawa. "Eya mukwai," anatero.

Ba Norah anali atayamba kale nthungululu pamene dontho loyamba linagwa pa malata, lolemera ngati mwala. Lachiwiri linagwa pa fumbi pakati pa yadi. Lachitatu linagwa pa mchenga wa m'dirowa, n'kusiya kabowo kakuda pambali pa kakabichi kamodzi.

"Manzi!" anakuwa Ba Emelda.

Mvula imene Kalingalinga yonse inakhala ikuipempherera kwa miyezi inafika, ndipo pa yadi ya Ba Norah panalibe amene anathamangira ndowa. Ba Emelda anavula chitenge chapamwamba n'kuchitambasula pa dirowa. Ba Dyton anagwira nsonga ziwiri. Ba Norah anabwera ndi ndodo yawo mofulumira kuposa mmene anayendera chaka chonse, akukuwa kuti, "Kwezani uko, kudontha!" Ba Mpundu ananyamula dirowa, Ba Mainess anawatsegulira chitseko, ndipo onse asanu analowa mopanikizana m'chipinda cha munthu mmodzi, atanyowa misana, mchenga uli wouma.